Uthenga Umene Iness Anafufuta

Benedicta anali m'matope ofika m'maondo, akuwokera mpunga m'dambo la kufupi ndi pomwe Bua amathira m'nyanja, pamene foni inanjenjemera m'chiuno mwake. Anali ataikulunga m'kajumbo ka shuga, kajumboko n'kukamangirira pamfundo ya chitenje. Sanafulumire. Anatsiriza kaye mbande zimene zinali m'manja, n'kutsukuluza zala, kenaka n'kukwera pachulu chouma.

Uthengawo unali wamawu, wochokera kwa Iness, mkazi wa a Dyton, msodzi wa boti lakelake. Asanautsegule n'komwe, pansi pake panatuluka kachizindikiro kofiira kosonyeza kuti mwini wake waufufuta. Benedicta anamwetulira. Pafoni ya munthu wina nkhani ikanathera pomwepo, koma iye anali ndi Kaloko.

Kaloko kanali kapulogalamu kotumizira mauthenga kamene Zaidi, wokonza mafoni pamsika, ankaika m'mafoni a anthu. Dzina lake lenileni linali lachizungu, lalitali, ndiye anthu anangokatcha Kaloko chifukwa cha loko wagolide amene ankanyezimira ukakatsegula. Kankalankhulana bwinobwino ndi pulogalamu wamba imene aliyense ali nayo, koma kanali ndi ufiti wake: munthu akakutumizira mawu kenaka n'kuwafufuta, iko kankawasunga. Benedicta ankakakonda kwabasi. Tisabise, mayiyu analengedwa ndi makutu aatali. Anali wapampando wa komiti yoteteza nsomba padoko, mtsogoleri wa kwaya ya amayi kutchalitchi, komanso nkhoswe ya maukwati ambirimbiri, ndipo ankati maudindo otere amafuna munthu wodziwa zinthu. Kaloko kanamuthandiza kudziwa ndi zosamukhudza zomwe.

Anaika foni pakhutu.

"Amayi, ndine Iness. Musandiimbire. Abambo akunyumba andisinjitsanso katupe. Manja anga asupuka onse. Loweruka akathira padziwe la kuseri kwa bango, pamene mpasa zikupumira. Tikudziwa anthu atatu basi, iwo, achimwene awo ndi ine. Ndatopa amayi, ndato..." Kumbuyo kunamveka chitseko, mawu n'kudukira pomwepo.

Mtima wa Benedicta unalumpha ndi chimwemwe. Inali nyengo imene mpasa zimakwera mtsinje kukaswa, ndipo katupe, muzu wa poizoni uja, akathiridwa padziwe sasankha: amapha yamazira, yaing'ono, ndi chule yemwe. Komiti yake inali itayesa kangapo kuwagwira a Dyton, koma nthawi zonse inkafika madzi atayera kale. Lero malo anali nawo, tsiku anali nalo.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Anthu atatu basi. Komiti ikakatulukira padziwepo Loweruka, a Dyton sadzafunika kupita kwa sing'anga kuti adziwe amene waulula. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mkazi wawo woyamba anachoka pakhomo paja ndi khutu limodzi losamva. Iness anabweza mawu ake chifukwa cha mantha, ndipo nthawi imeneyo ayenera kuti anali atakhazika mtima pansi poganiza kuti mawuwo afa. Benedicta anachita mantha. Anaufufuta uthengawo pafoni yake, n'kubwerera m'matope.

Masana anapita kwa Zaidi kukatchaja foni. Kashopu kanali kodzaza. Pabenchi panali alovi awiri, asodzi a m'boti la a Dyton, akudikira mafoni awo uku akutafuna nzimbe.

"Iwe Zaidi," anatero Benedicta mongocheza, "Kaloko kako kaja, ine mwini foni ndikafufuta kanthu, kamataya?"

Zaidi anaseka ngati wafunsidwa funso limene wakhala akuliyembekeza chaka chonse. "Kutaya? Wallahi amayi, aka sikataya kanthu! Bweretsani ndikuonetseni." Anatenga foni, n'kudinadina m'malo amene Benedicta anali asanafikeko, mpaka panatseguka mndandanda wa mawu onse amene anthu anamutumizirapo. "Mwaona? Awa ndi a lero lomwe. Dikirani timve."

Dzanja la Benedicta linagwira mkono wa Zaidi mwamphamvu moti sikuludilaiva inagwa patebulo. Alovi aja anatukula mitu.

"Ndi za ukwati wa anthu zimenezo," anatero modekha. "Ukufuna ulipe mbuzi?"

Alovi anaseka, n'kubwerera ku nzimbe zawo. Benedicta anatenga foni yake osatchaja. Thukuta linkayenderera kumsana, koma nkhope inali youma. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi Zaidi, mmene amakhalira akamafunsa abale a mnyamata wofuna banja. Paukhoswe mayiyu anali woopedwa. Anathetsapo ukwati wa mdzukulu wake atazindikira kuti mnyamata wa suti yonyezimira uja anabwera ndi amalume obwereka kudepoti.

"Tandiuza mwana wanga. Kaloko kwawo n'kuti?"

"Pa intaneti, amayi."

"Intaneti si mudzi. Anakapanga ndani?"

"Ine anandigawira mnzanga wa ku Salima pa bulutufi."

"Iye anakatenga kwa yani?"

Zaidi anakanda mutu. "Kwa mnzakenso, kaya."

"Nanga anthu amene anakapangawo amadya chiyani? Iwe ukandikonzera foni ndimakulipira. Iwo?"

"N'kaulere, amayi. Ndipo onani loko uyu. Akuti ngakhale asilikali sangatsegule."

"Akuti. Akunena ndani?"

Zaidi analoza mawu a pagalasi. Benedicta anagwedeza mutu. Mnyamata amene umboni wa khalidwe lake ukuchokera pakamwa pake pomwe, iye sankamupatsa mwana wa munthu. Ndipo m'njira monse pobwerera, ganizo lina linkamuluma. Chaka chathunthu kanthu aka kakhala kakumunong'oneza zinsinsi za anzake, iye n'kumasangalala. Koma wamiseche sakhala ndi mnzake mmodzi. Amene amakubweretsera za ena, akachoka amanyamula zako.

Anapita kwa Habiba, mphunzitsi wa makompyuta pasekondale yoyendera, amene anapezana naye akupinda mkeka atatha kuswali. Anakhala pakhonde. Benedicta sanatchule dzina la munthu.

"Aphunzitsi, pali munthu amene akufuna kundiuza zinthu, koma zikamveka kuti ndi iye, avulala. Ndikufuna njira. Koma musandiuze kuti iyi ndi yabwino basi. Ndifunsa ndekha."

Habiba anayang'ana loko wagolide uja n'kupukusa mutu. "Chikomekome cha mkuyu, mayi Benedicta. Loko wojambula aliyense atha kujambula. Loko weniweni amagwira ntchito chonchi: mawu amakhomedwa ali m'foni mwanu, ndipo kiyi wotsegulira ali m'foni ya amene mukumutumizirayo basi. Amene akunyamula uthengawo panjira, ngakhale kampani yake yomwe, amangosenza bokosi lokhoma."

"Ndiye Kaloko sikakhoma?"

"Sindikudziwa. Zaidi sakudziwa. Vuto lake ndi lomwelo. Munthu wosadziwika anatenga pulogalamu ya eni ake, n'kuiphwasula, n'kuikamo zake. Mwina bokosi amakhomadi, koma iye amakhala m'chipinda momwe mukulongedzeramo."

Kenaka anamuonetsa mapulogalamu ena ochokera kusitolo yovomerezeka ya m'foni, ndipo Benedicta anawafunsa mafunso limodzi ndi limodzi ngati anyamata apamzere. Ina inali yotchuka, ya magulu akuluakulu, imene James, mlembi wa komiti, ankaitama tsiku lililonse. Habiba anati imeneyo imakhoma pokhapokha utakumbukira kuiuza, apo ayi makiyi amakhala ndi eni ake. "Chitseko chodikira kukumbutsidwa ayi," anatero Benedicta. Ina inkakhoma bwino ndithu, koma eni ake ankasunga zoti ndani walankhula ndi yani, liti. Benedicta anaganiza pang'ono, n'kunena kuti kwa munthu wakeyo, kudziwika kokha kuti amalankhula ndi wapampando wa komiti ndi mlandu kale.

Yomaliza inali yosakongola, yopanda maluwa, yopanda golide.

"Iyi kwawo kumadziwika," anatero Habiba. "Eni ake ali ndi mayina, ndi bungwe losachita malonda, limayendera zopereka za anthu. Mmene anaipangira anaziika poyera, ndipo akatswiri amene si abale awo amaisanthula kufuna cholakwika."

"Ndiye kuti ili ndi mboni za kunja kwa banja."

"Eya. Ndipo mutha kuiuza kuti mawu akawerengedwa azifufutika okha, kwanu ndi kwa mnzanuyo."

"Kufufutika kwenikweni? Osati kwa Zaidi kuja?"

"Kwenikweni, malinga nonse muli ndi yeniyeni. Koma ndisakunamizeni. Palibe pulogalamu imene ingamuteteze munthu foni ikakhala m'manja mwa wina uthenga usanafufutike. Ndipo ngati pali amene amamusecha foni, akapezamo chinthu chachilendo chimene mudzi wonse ulibe, afunsa kuti ichi n'chachiyani."

Apa Benedicta anaona vuto. Njira yabwino koposa inali itapezeka, koma pafoni ya Iness ikanaoneka ngati nkhuku yoyera pakati pa akhwangwala. A Dyton ankasecha foni ya mkazi wawo ngati mmene amasechera ukonde.

"Ichapeni kaye foni yangayi," anatero pomaliza. "Yonse. Musiye zithunzi za adzukulu anga zokha."

Habiba anaichapa, koma anamuchenjeza kuti ngati pali zimene Kaloko kanatumiza kale kunja, zimenezo sizingabwezedwe. Benedicta anavomera. Safunsa anadya phula, ndipo iye anali atadya lokwanira.

Loweruka linafika, iye osauza munthu. Lamulungu m'mawa mtsinje unatsika ndi nsomba zoyandama mimba zili m'mwamba, tiana ta mpasa titayera m'mphepete mwa bango. James anabwera akupsa mtima.

"Atcheya, komiti yathuyi ndi ya chiyani? Munthu akutithira poizoni pamphuno, ife tili m'tulo!"

"Tili m'tulo ndithu," anayankha Benedicta.

Anatola mpasa imodzi yaikazi, yotupa ndi mazira, n'kuiyang'ana. Zinamuwawa kwambiri, chifukwa akanatha kuipulumutsa. Koma mawu aja mwini wake anali atawabweza, ndipo iye anawamva mwakuba. Anaitaya m'madzi n'kupita kutchalitchi.

Lachitatu kwaya ya amayi inakumana pansi pa mtengo wa mango. Iness analipo, atakhala pambali pa Benedicta monga mwa masiku onse, manja atawabisa m'chitenje. Asanayambe kuimba, Benedicta anaimirira.

"Amayi, kuyambira lero nyimbo, maliro ndi zochitika zonse za kwaya tizitumizirana papulogalamu ina. Aphunzitsi a Habiba abwera kudzatiikira. Amene ali ndi Kaloko achotse."

Panabuka phokoso. Ena anati bandulo yotchipa siigwira pulogalamu yatsopanoyo. Ena anati zala zawo zinazolowera yakale. Mayi Sailesi, amene ankaimba mawu apamwamba ndipo sankagonja pamkangano, anafunsa kuti chavuta n'chiyani ndi zimene zilipo.

"Mayi Sailesi," anatero Benedicta, "mwezi wa Khirisimasi munanditumizira mawu molakwitsa, n'kuwafufuta msangamsanga. Munkanena kuti akatekisiti akamaimba amamveka ngati mbuzi yokodwa mumpanda."

Amayi anagwa nako kuseka. Mayi Sailesi anagwira pakamwa.

"Ndinafufuta ine!"

"Munafufuta kwanu. Kaloko kanandisungira. Ndipo si ine ndekha amene ndinali nako. Theka la doko lili nako."

Kuseka kunazilala pang'onopang'ono, aliyense atayamba kukumbukira zimene anafufutapo. Mayi Sailesi anamulalatira Benedicta kuti ndi kazitape wovala yunifomu ya kwaya, ndipo ena anavomereza. Benedicta anazilandira ataimirira njo. Sanayang'ane kumbali kwake, koma anamva kuti Iness wasiya kupuma.

"Nenani, n'zoona," anatero. "Koma dziwaninso ichi. Pali zina zimene ndinamva n'kuzimeza. Mwini wake atabweza mawu, ine ndinawayesa obwezedwa. Zinafera m'mimba muno, ndipo foni ija ndinaichapitsa."

Anazinena akuyang'ana masamba a mango. Kenaka anayambitsa nyimbo.

Habiba anabwera ndi intaneti ya pafoni yake n'kuwaikira amayi onse. Anachitanso chimodzimodzi kwa amayi a gulu la dawa kumzikiti, poti nawonso nkhani ya mbuzi yokodwa mumpanda inali itawafika ndipo inawaopsa. Pasanathe mwezi, pulogalamu yosakongola ija inali m'foni ya mayi aliyense wogulitsa usipa, ndipo amuna anayamba kuitcha ya azimayi. Inadzaza ndi nyimbo zoyeserera, mauthenga a maliro ndi mikangano ya mtundu wa nsalu ya yunifomu. Benedicta analamula kuti mauthenga onse azifufutika okha, ponena kuti mafoni asamadzaze. Chinthu chachilendo chija chinasanduka cha aliyense.

Habiba anawaphunzitsanso kugundanitsa mafoni awiriawiri kuti aone ngati manambala otsimikizira akufanana, kuti pasakhale wina wobisala pakati. Amayi anafola pamzere kwa mtsogoleri wawo, ndipo Iness anafola nawo. Itafika nthawi yake anatulutsa manja. Khungu la m'zala linali lofiira, losendeka. Manambala anafanana.

Benedicta sanamufunse kalikonse, ndipo kudikira kunamuvuta kuposa kuwokera dambo lonse. Uthenga unabwera wokha tsiku lina masana. Iness anatchula dziwe lina la kumtunda ndi tsiku lake. Benedicta anayankha ndi funso limodzi: akudziwa ndani? Iness anati ulendo uno a Dyton alemba aganyu ambiri, ndipo akhala akudzitama kumowa. Benedicta anakhala akuyang'ana pagalasi mpaka mawu onse anazimiririka.

Sanauze ngakhale James. Anangoitanitsa komiti ndi alangizi a zausodzi kuti ayendere mtsinje, ndipo anayambira dala kumaiwe ena kumene kunalibe kanthu, akudandaula za udzudzu ndi miyendo. Pofika padziwe lenilenilo dzuwa linali litakwera, ndipo anapeza matumba a katupe ali pamtunda, asanathiridwe. Zinaoneka ngati tsoka la a Dyton basi. Matumba anatengedwa, maukonde analandidwa.

Koma a Dyton sanali munthu wokhulupirira tsoka. Masana omwewo anafika padoko akukoka Iness padzanja, anthu atadzaza pogula nsomba.

"Atcheya! Alipo wakuuzani. Ndipo ndikumudziwa." Anatembenukira kwa mkazi wawo. "Bweretsa foni."

Iness anapereka. A Dyton anatsegula pulogalamu ija ndi chala chonenepa. Munatuluka mawu a mayi Sailesi akuyeserera nyimbo ya Pasaka, akukwera mpaka kusweka. Ena anaseka. Anatsegula dzina la Benedicta, n'kupeza mopanda kanthu. Anatsegula la mayi wina, mopanda kanthu. La winanso, chimodzimodzi.

"Bwanji mulibe kanthu?"

"Ndi mmene ilili, a Dyton," anayankha mayi wina wogulitsa chinangwa, akutukula foni yake. "Yanganso iyi. Imadzisesa yokha."

"Nanga yanu, atcheya?"

Benedicta anamasula mfundo ya chitenje, n'kuchotsa foni m'kajumbo, n'kuwapatsa yotsegula kale. Mtima wake unali m'malo. A Dyton anaipereka kwa Zaidi, amene anali m'gulumo, kuti afufuze m'malo obisika muja. Zaidi anadinadina, n'kutukula mapewa.

"Mulibe, bwana. Iyi sisunga."

A Dyton anayang'anabe mkazi wawo. Maso awo anali asanakhute, ndipo Benedicta anaona kuti foni yachita mbali yake koma siinamalize. Iness nayenso anaona. Mwadzidzidzi anasolola dzanja lake n'kulunjika kwa Benedicta.

"Inu mayi inu! Mwakhuta? Maukonde mwatenga, ana anga adya chiyani? Mumaimba nafe kutchalitchi ngati munthu, chonsecho mtima wanu ndi wa ng'ona. Mfiti yachabechabe! Musadzandiyankhulenso!"

Analavula pansi, malovu n'kugwera pa phazi la Benedicta. Benedicta anali asanatukwanidwepo chotero pagulu chibadwire, ndipo yankho linali litafika kale pamlomo, lakuthwa bwino. Analimeza. Chinamuwawa koposa n'chakuti mawu ena anali oona: pakhomo paja ndiwo zikasowadi.

A Dyton anapumira m'mwamba. Anabweza foni m'manja mwa mkazi wawo. "Basi, tiye. Usadzivute ndi anthu awa." Anatsogola, Iness akutsata pambuyo, osacheuka.

Amayi anamuzungulira Benedicta. Mayi Sailesi anati mtsikana wopanda mwamboyo achotsedwe m'kwaya lero lomwe.

"Musiyeni," anatero Benedicta akupukuta phazi pamchenga. "Munthu wolandidwa maukonde amakwiya."

Uthenga wopepesa sunabwere, ndipo Benedicta anadziwa kuti suyenera kubwera. Panjira Iness ankamulambalala. Kuchigayo ankatembenuza nkhope. Mudzi wonse unkanena za udani wa awiriwo, ndipo mayi amene ankakonda kudziwa ndi kunena zonse ankangoti, "Zimachitika."

Lamulungu la Pasaka tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Malo a pambali pa Benedicta anakhalapo wina. Iye anatukula dzanja, amayi n'kukoka mpweya, nyimbo n'kuyamba. Kuchokera kubenchi yakumbuyo kwenikweni kunamveka mawu apansi a Iness, olimba, ochedwa pang'ono monga mwa nthawi zonse. Benedicta sanacheuke. Anangochepetsa liwiro la dzanja kuti wakumbuyoyo awapeze.